Mbiri ya amisiri okonza mfuti za paintball

Tsiku lina ndikuphunzitsa za momwe makina atsopano anabweretsera ntchito zatsopano ku Ulaya, mnyamata wina wa Folomu 3 anandipempha chitsanzo cha ntchito imene inayamba makolo ake atabadwa kale, koma isakhale ya makompyuta kapena mafoni poti zimenezo aliyense amatchula. Ndinamuyankha kuti wokonza mfuti za paintball. Kalasi yonse inaseka poganiza kuti ndikungocheza, ndipo belu linalira ndisanafotokoze. Choncho ndati ndilembe pano, kuti iye ndi inu nonse amene mumawerenga tsamba lino muone kuti nkhaniyi ili ndi mutu ndi miyendo yomwe.

Kwa amene simunawaonepo, paintball ndi masewera amene magulu awiri amawomberana timipira ta penti kutchire kapena pabwalo. Kampira kakakuphulikira pathupi ndiye kuti watuluka. Kampirako n'kakang'ono ngati mabo, pafupifupi mamilimita 17, ndipo kamakankhidwa ndi mpweya wopanikizidwa m'botolo, osati wonga. Eni masewerawa sakonda kunena kuti mfuti, amati marker, kutanthauza choikira chizindikiro. Ena amaganiza kuti dzinali anangolipeka pofuna kuti makolo asachite mantha. Mbali ina n'zoona, koma dzinalo lili ndi mbiri yake, pakuti chidachi chinayambadi ngati choikira chizindikiro pa mitengo ndi pa ng'ombe.

M'chaka cha 1940, Charles ndi Evan Nelson anayambitsa kampani ya penti yotchedwa Nelson Paint Company m'chigawo cha Michigan ku America. Makasitomala awo ambiri anali a zankhalango, amene ankapaka penti mitengo yoyenera kudulidwa. Vuto linali loti mtengo wina uli tsidya la mtsinje, wina uli pakati pa zitsamba zowirira, ndipo munthu ankataya nthawi kuti aufikire. M'zaka za m'ma 1960 Charles Nelson anaganiza zoika penti m'makapisozi, ngati a mankhwala aja, kuti azitha kuwaponya patali ndi mfuti ya mpweya. Makapisoziwo anawapangitsa ku kampani ya R.P. Scherer, imene ntchito yake inali yopanga makapisozi a mankhwala enieni. Mfuti yoyamba inapangidwa ndi kampani ya Crosman koma sinayende malonda. Yachiwiri, yotchedwa Nel-Spot 007, inapangidwa ndi kampani ya Daisy kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo alimi a ng'ombe nawo anaikonda chifukwa ankatha kusankha ng'ombe m'gulu osatsika pa hatchi.

Kunalibe mmisiri wapadera masiku amenewo. Chinali chida cha pafamu ngati mpope wopopera mbewu, ndipo chikawonongeka mwini wake ankachikonza yekha kapena kugula china.

Masewera anabwera chifukwa cha mkangano wa anthu awiri ogwirizana. Hayes Noel ankachita malonda a masheya ku New York, pamene Charles Gaines anali mlembi wokhala kumudzi ku New Hampshire, wokonda kusaka ndi kuwedza. Kwa zaka zingapo ankatsutsana ngati munthu wa m'tauni, wozolowera kupikisana pa ndalama, angapulumuke m'nkhalango kuposa munthu wokulira kutchire. Mnzawo wina atawaonetsa Nel-Spot m'kabuku kotsatsa zida za ulimi, anapeza njira yothetsera mkanganowo. Mnzawo wachitatu, Bob Gurnsey, analemba malamulo, ndipo mu June 1981 amuna 12 anakumana m'nkhalango ku Henniker, New Hampshire, aliyense ali ndi mfuti yake, magalasi a m'maso ndi mapu, kulimbirana mbendera zimene zinaikidwa m'malo anayi. Anapambana ndi Ritchie White, katswiri wa zankhalango, amene anatola mbendera zonse osawombera ngakhale kamodzi. Ine zimandiseketsa kuti masewera a mfuti anayamba ndi chipambano cha munthu amene sanagwiritse ntchito mfutiyo. Mmodzi mwa osewerawo, Bob Jones, analemba nkhaniyi m'magazini ya Sports Illustrated chaka chomwecho, anthu nayamba kufunsa komwe angagule zida. Gurnsey anatsegula kampani ya National Survival Game, ndipo pofika 1983 kunali kale mpikisano wa dziko lonse.

Apa ndi pamene mmisiri wathu akulowera. Nel-Spot inapangidwira munthu wowombera mtengo, ndipo mtengo suthawa komanso subwezera. Ukawombera kamodzi unkayenera kukoka kachitsulo ndi dzanja kuti ulowetse kampira kena, ndipo kabotolo ka mpweya wa CO2, ka magalamu 12 okha, kankatha msanga. Penti yake inali ya mafuta, yosachoka ndi madzi, mpaka anadzapanga ina yosungunuka m'madzi. Osewera anayamba kusintha mfuti zawo m'magalaja kunyumba: wina kuika chogwirira chopopa kuti azikoka mwachangu, wina kutalikitsa mpope, wina kulumikiza botolo lalikulu. Amene anali ndi dzanja labwino anayamba kulandira mfuti za anzawo, monga zimakhalira kwathu kuno kuti wodziwa kuwongola mawilo a njinga amapezeka watsegula malo ake pansi pa mtengo wa mango. Anthu amenewa anapatsidwa dzina loti airsmith, potengera dzina la wokonza mfuti zenizeni, kungoti uyu ntchito yake ndi ya mpweya.

Makampani otchuka a masewerawa ambiri anachokera kwa anthu a mtundu umenewu. Bud Orr wa ku California anayamba kupanga mfuti m'galaja yake, ndipo mu 1989 anatulutsa Autococker. Glenn Palmer wa ku Sacramento anadziwika ndi mfuti za mkuwa zopangidwa pamanja. Tom Kaye anatulutsa Automag cha m'ma 1990 pansi pa kampani yake ya Airgun Designs. Nkhani ya Dennis Tippmann wa ku Fort Wayne, Indiana, ndi yosiyanako: iye ankapanga timfuti tenitenti ta chiwaya, tofanizira ta nkhondo koma tochepa ndi theka, ndipo lamulo la 1986 litaletsa kugulitsa mfuti zatsopano za chiwaya kwa anthu wamba, anatembenukira ku paintball. Mfuti yake ya Model 98, ya mu 1998, inatchuka chifukwa cholimba ndi kusavuta kukonza, moti mabwalo ambiri obwereketsa zida anaidalira.

Ndikhalitse pang'ono pa Autococker, chifukwa ndikuona kuti ndi imene inachititsa kuti umisiriwu ulemekezedwe. Orr anatenga mfuti yopopa ndi dzanja n'kuiikira timakina kutsogolo kuti mpweya uzichita ntchito ya dzanjalo. Ukakoka chowombera pamachitika zinthu ziwiri motsatana. Choyamba kahamala kamamasuka n'kumenya valavu, mpweya n'kukankha kampira. Kenako kandodo kena kamasuntha valavu ina yaing'ono, imene imatumiza mpweya kukakankhira mbali ya kumbuyo, hamala n'kubwerera pamalo pake, kampira kena n'kugwera mu mpope. Zikasemphana pang'ono chabe, chachiwiri n'kuyamba choyamba chisanathe, mfuti imadula kampira pakati n'kudzaza penti mkati monse, kapena imangotsokomola osawombera. Kulinganiza zimenezi kunkafuna khutu ndi kuleza mtima, ngati kuchuna kabuleta ya galimoto yakale. Amene ankadziwa sankasowa ntchito pa mipikisano, ndipo amene ankangoyerekeza ankaononga zida za anthu zodula.

Komabe kudula kampira n'kungotaya masewera. Chimene chinachititsa kuti anthu ayambe kufunsa za maphunziro a mmisiri ndi botolo la mpweya. CO2 imakhala ngati madzi m'botolo, ndipo pa kutentha kwa m'nyumba mphamvu yake imakhala pafupifupi 800 psi, n'kumakwera botolo likakhala padzuwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 osewera anayamba kugwiritsa ntchito nayitirojeni ndi mpweya wamba wopanikizidwa, umene susinthasintha ndi nyengo, ndipo Tom Kaye anali mmodzi mwa oyambitsa. Mabotolo amenewa amadzazidwa mpaka 3,000 kapena 4,500 psi. Yerekezani ndi tayala la galimoto yaing'ono, limene limapopedwa pafupifupi 30 psi. Chinthu choterocho munthu amachitsamiritsa paphewa pafupi ndi tsaya lake n'kumathamanga nacho m'tchire.

Mu June 2003 mnyamata wa zaka 15 anafa ku America atamenyedwa ndi botolo la CO2 pamene ankalichotsa pa mfuti. Mu February 2004 mayi wina amene anangoima pafupi anafanso chimodzimodzi. Chimene chinachitika n'chakuti botolo limakhala ndi valavu yomangidwa kukamwa kwake, ndipo valavuyo ndi imene imalowa m'mfuti. Pomasula, valavu ndi botolo ziyenera kuzungulira limodzi. Pa ngozi ziwirizi valavu inatsalira m'mfuti, botolo lokha n'kumamasuka ku valavu yake, ndipo mazinga atatha linauluka ngati chipolopolo. Bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu, la Consumer Product Safety Commission, linatulutsa chenjezo mu 2004. Linalangiza kuti anthu azijambula mzere wa penti wodutsa pa valavu ndi pa botolo, kuti mzerewo ukayamba kusiyana asiye pomwepo n'kupita nalo kwa mmisiri wodziwa, ndiponso kuti munthu wosaphunzira asamachotse kapena kusintha valavu. Kumanga valavu kumafuna mankhwala omatira mazinga ndi muyeso wake wa kulimba, osati kungokoka ndi sipanala mpaka thukuta.

Pali zinanso za mtundu womwewu zimene mmisiri amayenera kuzidziwa pamtima. Oyilo wa galimoto kapena wa makina osokera sathiridwa polowera mpweya wa botolo, chifukwa mpweya ukalowa mwamphamvu umatentha ndipo mafutawo amatha kuyaka. Kachitsulo kopyapyala kamene kamaphulika mphamvu ikapyola muyeso sikalowezedwa ndi kolimba kuposa kake. Mabotolo ambiri amayenera kuyesedwa ndi madzi pakatha zaka zitatu kapena zisanu, tsiku lake n'kulembedwa pabotolopo, ndipo ambiri mwa okulungidwa ndi ulusi wa kaboni amatayidwa akakwanitsa zaka 15 ngakhale akuoneka atsopano. Mfuti ikakonzedwa imayesedwa pa makina oyezera liwiro, ndipo mabwalo salola kupyola mapazi 300 pa sekondi, omwe ndi pafupifupi mamita 90, chifukwa zigoba zoteteza nkhope zinapangidwira liwiro limenelo. Mmisiri amene wamanga sipuling'i molimba kuti kasitomala asangalale ndiye kuti waika diso la mwana wa wina pachiswe.

Kenako kunabwera magetsi. Shocker inatuluka mu 1996, ndipo Angel, ya kampani ya WDP ya ku Birmingham ku England, inatsatira posakhalitsa. M'mfuti zimenezi chowombera ndi kaswitchi chabe, kamene kamauza kabolodi kuti katsegule valavu ya magetsi kwa kanthawi kochepa kwambiri. Pambuyo pake anaikamonso timaso toona ngati kampira kakhala bwino mfuti isanawombere. Mmisiri wa sipanala anayenera kuphunzira za mabatire, mawaya ndi mapulogalamu, ngati momwe amakaniko athu avutikira ndi magalimoto a makompyuta. Ngakhale zili choncho, ntchito yambiri ya tsiku ndi tsiku inatsalabe pa timalabala tozungulira totseka mpweya: kumva pamene pakutuluka mpweya, kudziwa kalabala kamene katha pakati pa ambirimbiri, ndi kudziwa kuti mfuti iyi imafuna girizi pamene ija imafuna oyilo wake wapadera.

Nanga satifiketi imachokera kuti? Apa mpamene ambiri amadabwa. Umisiriwu sunakhale ndi mayeso a boma ngati amene mmisiri wa matabwa kapena wa magetsi amalemba kwathu kuno. Mapepala ake ndi a mitundu iwiri. Ena amaperekedwa ndi sukulu zoyima pazokha, monga Paintball Training Institute ya ku Tennessee, imene inadziwika ndi maphunziro a masiku ochepa okhudza kudzaza mabotolo mosamala, kukonza mfuti ndi kuyendetsa bwalo. Ena amaperekedwa ndi makampani opanga mfutiwo, monga Tippmann, Dye ya ku San Diego ndi Planet Eclipse ya ku Manchester, kawirikawiri pa zionetsero za malonda kapena pa mipikisano ikuluikulu. Wophunzira amamasula mfuti yonse, kuimanganso, ndi kupeza vuto lake pamaso pa mphunzitsi. Kampani imachita zimenezi pofuna kuti galanti yake isaonongedwe ndi manja osadziwa, ndipo mwini sitolo amafuna pepalalo kuti makasitomala amukhulupirire. Ambiri amene amapita kumeneko amakhala atayamba kale kutsuka mfuti zobwereketsa pabwalo lina, moti kalasiyo imangosindikiza zimene manja anaphunzira kale.

Kuipa kwake n'kwakuti pepala la kampani limagwira ntchito pa mfuti za kampaniyo basi, ndipo mitundu yatsopano ikatuluka umafunika kubwereranso m'kalasi. Mavuto a zachuma a 2008 atafika, anthu anachepetsa kugula zida zodula, ndipo Smart Parts, kampani yaikulu ya ku Pennsylvania imene inkagulitsa Shocker, inatseka mu 2010. Mu 2013 Tippmann inagulidwa ndi G.I. Sportz ya ku Canada. Amisiri amene anali ndi mapepala a makampani otsekedwa anatsala ndi mfuti zambirimbiri za makasitomala zofuna kukonzedwa, koma zida zosinthira anayamba kuzisaka kwa anzawo, kuzichotsa pa mfuti zakufa, kapena kuzisula okha pa makina, monga ankachitira anzawo a m'magalaja aja m'zaka za m'ma 1980.