Zithunzi Zozokota za Akuluakulu a Nkhondo ku Ulaya

M'zaka za m'ma 1600, akalonga ndi anthu a m'mabanja achifumu amene ankatsogolera asilikali ku Ulaya ankatchuka kudzera m'zithunzi zodindidwa papepala. Chithunzi chapenti chinkakhala chimodzi chokha, chopachikidwa m'nyumba ya mwiniwake momwe anthu wamba sankalowamo. Chozokota pamkuwa ndiye chinkafalikira kutali. Mmisiri ankalemba mizere pamkuwa wosalala ndi kachitsulo kosongoka, n'kupakapo inki. Akapukuta pamwamba, inkiyo inkatsalira m'mizere mokhamokha, kenako ankapanikizapo pepala lonyowa pang'ono. Mkuwa umodzi unkatulutsa mapepala mazanamazana.

Mu 1601, mumzinda wa Innsbruck munatuluka buku lotchedwa Armamentarium Heroicum, lokhala ndi zithunzi zozokotedwa ndi Dominicus Custos. Linkaonetsa ngwazi zankhondo zitavala zovala zachitsulo zimene kalonga Ferdinand Wachiwiri wa ku Tyrol anasonkhanitsa kunyumba yake ya Ambras.

Ntchito yodziwika koposa inachokera ku Antwerp, pa nthawi ya nkhondo ya zaka 30 imene inachitika kuyambira 1618 mpaka 1648. Katswiri wojambula, Anthony van Dyck, ankakonza zithunzi, ndipo amisiri monga Paulus Pontius, Lucas Vorsterman ndi Pieter de Jode ankazizokota. Van Dyck atamwalira mu 1641, Gillis Hendricx anasindikiza zithunzi 100 pamodzi mu 1645. Pakati pa nkhopezo panali Ambrogio Spinola, amene analanda mzinda wa Breda mu 1625, komanso akuluakulu a nkhondo ena monga Tilly, Wallenstein ndi Gustavus Adolphus, mfumu ya Sweden imene inafera kunkhondo ya Lützen mu 1632. Anthu amene ankathirana nkhondo anapezeka m'buku limodzi, chifukwa chimene chinawaphatikiza chinali ulemerero, osati mbali imene ankamenyera.

Zithunzi zoterezi zinkatsindika udindo wa munthu kuposa nkhondo yeniyeniyo. Mtsogoleri ankaoneka atavala chitsulo chonyezimira pachifuwa, nsalu itapingasa kuchokera paphewa, ndodo yaulamuliro ili m'manja. M'munsi munkalembedwa dzina ndi maudindo ake, kawirikawiri m'Chilatini. Mitembo ndi midzi yotenthedwa sizinkaonekamo kawirikawiri.

Ogula ankamata mapepalawo m'mabuku kapena kuwapachika pakhoma, ndipo osindikiza ena ankawakopera m'mabuku a mbiri yakale. Motero nkhope za atsogoleri ambiri a nthawiyo zikudziwikabe lero monga mmene amisiriwo anazizokotera.