Mbiri ya Mudzi wa Sophiatown ndi Masukulu Ace

Abale, palibe mudzi m'dziko lathu lino umene sunatumize amuna ace ku Johannesburg, mzinda uja ife timaucha Joni. Ena anapita ndi Wenela kukakumba golidi, ena anayenda okha pansi kukafuna nchito m'nyumba za Azungu. Koma owerengeka a ife adziwa mbiri ya mudzi wina wa m'kati mwa mzindawo, wochedwa Sophiatown, umene unamangidwa, nukula, nupasulidwa m'zaka zosafika makumi asanu ndi limodzi. Tifuna kuilongosola pano, pakuti muli phunziro la kwa ife amene tiri ndi ana a kusukulu.

Golidi anapezeka kumeneko m'caka ca 1886. Mu 1897 Mzungu wina, dzina lace Herman Tobiansky, anagula dziko la maekala 237 cakumadzulo kwa mzinda, mtunda wace monga mamailosi anai. Malowo anawacha dzina la mkazi wace Sophia, ndi miseu ina anaicha maina a ana ace, monga Edith, Gerty, Bertha ndi Toby. Iye anafuna kuti pakhale Azungu. Koma akuru a mzinda anamanga pafupipo malo otayako zonyansa za m'zimbudzi, ndipo Azungu ambiri anakana kugulapo. Pamenepo mwini dziko anayamba kugulitsa kwa munthu ali yense wakudza nazo ndalama, osayang'ana khungu lace.

Ici ndico cinasiyanitsa Sophiatown ndi midzi ina. Lamulo la 1913 linaletsa anthu akuda kugula dziko m'mbali yaikuru ya South Africa, ndipo m'makomboni a boma munthu anali mlendo masiku onse, wolipira nyumba mwezi ndi mwezi, wozingidwa ndi mpanda. Koma ku Sophiatown munthu wakuda anakhoza kukhala ndi kalata ya malo ace, namanga monga anafuna, nasiyira ana ace colowa. Panalibe mpanda, panalibenso kapitao wofunsa mlendo kumene acokera.

Cifukwa cace anthu anasefukira komweko. Cakumapeto kwa zaka za 1940 munali anthu akuda ngati 54,000, Makaladi 3,000, Amwenye 1,500, ndi anthu a ku China oposa 600. Olankhula Cizulu, Cisutu, Citswana ndi zinenero zina anakhala khomo ndi khomo. Koma tisaganize kuti munali mtendere wokha wokha. Eni malo ambiri anagula ndi ngongole, ndipo pofuna kubweza ngongoleyo anamanga tizipinda ta malata kuseri kwa nyumba zao, nalowetsamo alendi. Mabanja ambiri anatunga pa mpopi umodzi, nalowa cimbudzi cimodzi. Akazi anaphika mowa mobisa, apolisi nafika usiku kudzautaya. Ndi anyamata osowa nchito, ochedwa atsotsi, anaopsa anthu ndi mipeni. Cinkana cinali comweco, m'mudzi womwewo munakhala aphunzitsi, alembi a nyuzi, oyimba, ndi sing'anga womveka Dr. A. B. Xuma, amene anatsogolera msonkhano wa African National Congress kuyambira 1940 kufikira 1949. Nyumba yace inali mu mseu wa Toby.

Tsono tinene za masukulu. Boma silinasamale kweni kweni maphunziro a ana akuda masiku amenewo; nchitoyo inali m'manja mwa mipingo, monga momwe inayambira kwathu kuno. Amene anagwira nchito yaikuru ku Sophiatown ndiwo ansembe Aanglikani a gulu la Community of the Resurrection. Bambo Raymond Raynes anafika m'zaka za 1930, ndipo m'masiku ace panamangidwa chalichi ca Christ the King pamwamba pa citunda, coonekera kutali. Sukulu yao ya St Cyprian inadzala ana, ndipo panali masukulu a mkaka kumene amai opita kukacapa zobvala za Azungu anasiyako tiana tao. Mu 1943 anafika Bambo Trevor Huddleston. Iye anaona kuti mwana wanjala sakhoza kumva phunziro, nayambitsa nchito ya kudyetsa ana.

Ansembe omwewo anali ndi sukulu yapamwamba ya St Peter ku Rosettenville, tsidya lina la mzinda, kumene Oliver Tambo anaphunzitsa masamu. Mnyamata wina wa pa sukuluyo, Hugh Masekela, analandira lipenga lace loyamba kwa Huddleston, nakhala woyimba womveka m'maiko ambiri. Mnyamata winanso, Desmond Tutu, amene anaphunzira pa sukulu yapamwamba ya pafupi ndi Sophiatown, anadwala cifuwa cacikuru, nagona m'cipatala miyezi monga makumi awiri, ndipo Huddleston anakamceza kawiri kawiri, namtengera mabuku.

Mu 1948 cipani ca National Party cinatenga boma, ndi kukhazika ulamuliro wa tsankho wochedwa apartheid. Malamulo awiri anagwera mudziwo monga nkhwangwa. Loyamba ndilo Bantu Education Act la 1953, limene Dr. Verwoerd analiika kuti masukulu a anthu akuda acoke m'manja mwa mipingo, ndi kuti ana aphunzire zowayenereza nchito za pansi zokha. Mipingo inasautsika mtima: kodi ipereke nyumba zace za sukulu ku boma, kuti ana aphunzireko ngakhale pang'ono, kapena izitseke? Mipingo yambiri inapereka. Bishopu Ambrose Reeves wa ku Johannesburg anasankha kutseka, ndipo St Peter nayo inatsekedwa mu 1956. Tutu, amene anayamba monga mphunzitsi, anasiya nchitoyo cifukwa ca lamulo lomweli, nalowa unsembe. Mu 1986 anakhala Arkibishopu wa Cape Town.

Laciwiri ndilo Natives Resettlement Act la 1954, lakusamutsa anthu. Boma linati mudziwo ngwauve, koma linagwetsa nyumba zabwino pamodzi ndi zisakasa. Cimene linadana naco ndico anthu akuda okhala ndi malo ao ao pafupi ndi Azungu. Anthu analemba pa makoma kuti sadzacoka. Koma mamawa a pa 9 February 1955 anafika apolisi 2,000 ndi mfuti, nakweza mabanja oyamba ndi akatundu ao pa magalimoto, kunka nao ku Meadowlands, kutali ndi mzinda. Kumeneko anawagawa monga mwa mitundu yao, m'nyumba za boma zopanda kalata ya malo. Zitapita zaka zowerengeka anthu oposa 60,000 anali atacotsedwa. Pa mabwinja pamenepo anamanga mudzi wa Azungu, naucha Triomf, ndiko kunena cigonjetso. Mwa nyumba zocepa zimene zinatsala munali chalichi cija ndi nyumba ya Dr. Xuma.

Ulamuliro wa tsankho unatha mu 1994. Aanglikani analandiranso chalichi cao, ndi phulusa la mtembo wa Huddleston, amene anamwalira mu 1998, linaikidwa pomwepo. Mu 2006 dzina la Sophiatown linabwezedwa, ngakhale eni mudzi ambiri anali atafa kale kucilendo.

Taonani, abale: kalata ya malo inafafanizidwa ndi lamulo limodzi, ndi makoma a njerwa anagwa tsiku limodzi, koma cimene ana aja anaphunzira anamuka naco ku Meadowlands, ndipo ena mwa iwo ndiwo anathandiza kupasula ulamuliro umene unapasula kwao. Cifukwa cace tisapeputse sukulu ya m'mudzi mwathu, ingakhale ndi ya udzu. Pamene mphunzitsi aitana makolo kukaumba njerwa, tipite. Ndipo nyengo ya kulima ikafika, tisacotse mwana m'kalasi kuti akapirikitse anyani kumunda.