Banja la ku Lubwa

Wofuna kulondola mbiri ya banja ayamba ndi funso lakuti, makolo anacokera kuti? Pa banja la a Kaunda yankho liri ku Nyasaland, dziko limene lero lichedwa Malawi.

David Kaunda anaphunzira pa mishoni ya Livingstonia. M'caka ca 1905 anakhazikika ku Chinsali, pakati pa Abemba, monga mphunzitsi ndi mlaliki. Mkazi wace, Helen, analinso mphunzitsi. Onse awiri anali alendo, koma anaphunzira cilankhulo ca eni dziko, nakhala nao monga abale. Mwana wao wacisanu ndi citatu, Kenneth, anabadwira ku Lubwa m'caka ca 1924, ndipo anamucha Buchizya, ndiko kuti wosayembekezeka.

Tsono m'caka ca 1932 David anamwalira, mwanayo ali ndi zaka 8 zokha. Mai wamasiye sanabwerere kwao. Anatsala komweko, khasu liri m'manja, nalera ana ndi kuwalimbikitsa pa sukulu ngakhale ndalama zinali kusowa. M'caka ca 1964 mwana uja anakhala Pulezidenti woyamba wa Zambia.

Maina a makolowo sanaiwalike: ku Lusaka kuli sukulu ya David Kaunda, ku Kitwe ya Helen Kaunda. Koma makolo ambiri a kumudzi alibe sukulu yosunga maina ao. Cifukwa cace munthu wa ku migodi, akapita kwao, afunse akulu akali ndi moyo, pakuti nkhalamba ikagona, mbiri ya banja igona nayo.