Duwa la Rozi ndi Mabuku a Zomera za ku Nyanja

M'caka ca 1891 Azungu anamanga linga la Fort Johnston, m'dera limene lero lichedwa Mangochi. Anapeza dziko lotentha, la milambe ndi migwalangwa. Duwa la rozi, limene iwo analikonda kwao, sililimba pa kutentha kotere. Limakula bwino ku malo ozizira monga ku Zomba, kumene Alexander Whyte anayamba munda wa zomera m'zaka zomwezo.

Cifukwa cace munthu wa ku nyanja wofuna kukometsa pakhomo pace acita bwino akayamba wadziwa zomera za dziko lace. Pali mabuku awiri omthandiza. Loyamba ndi Useful Plants of Nyasaland, limene analemba Jessie Williamson, losindikizidwa ku Zomba m'1955. Limachula maina a zomera m'Cinyanja ndi m'Ciyao, pamodzi ndi nchito zace. Laciwiri ndi Wild Flowers of Malawi, la Audrey Moriarty, la m'1975, lokhala ndi zithunzi za maluwa a kuthengo.

Onse awiri ngolembedwa m'Cingerezi, koma wophunzira kumene angathe kupempha mphunzitsi wace kuti ammasulire. Ndipo wofunabe rozi akayese ku mapiri a Namwera, kumene kuli kozizirako.