Mnyamata wa zaka 22 amene anatsutsana ndi Bardeen

Ife a pa wailesi tidziwa kuti waya umatentha magetsi akamadutsamo. Koma mu 1911, ku Leiden, Heike Kamerlingh Onnes anazizilitsa mercury kufika pafupi -269°C, ndipo magetsi anangodutsa popanda cowacedwetsa. Cinthu cotele cimachedwa superconductor.

Caka cimene citikoka mtima ndi 1962. Brian Josephson, mnyamata wa ku Cardiff wa zaka 22, anali akali kuphunzila pa Cambridge. Masamu ake anaonetsa kuti ukaika kakhoma kopyapyala kosalola magetsi pakati pa ma superconductor awili, ma electron oyenda awiliawili amapyola kakhomako, ngakhale popanda voltage. John Bardeen anakana. Uyu sanali munthu wamba: anali atalandila kale Nobel mu 1956 cifukwa ca transistor, ndipo anali mmodzi wa atatu amene mu 1957 anafotokoza mmene superconductor imagwilila nchito. Awiliwa anakangana pamaso pa anthu pa msonkhano ku London caka comweco. Ganizilani cabe, mwana wa sukulu kuuza mwini nkhani kuti, bambo, apa mwaphonya!

Mu 1963 Philip Anderson ndi John Rowell anayesa ku Bell Labs, magetsi anadutsadi. Josephson analandila Nobel mu 1973. Lelo kacipangizo ako, Josephson junction, ndi kamene ma labu akuluakulu amapimila volt, yomweyo imene timawelenga pa chaja ya foni. John Clarke, Michel Devoret ndi John Martinis, amene anapata Nobel ya 2025, anaseweletsa kacipangizo komweko ku Berkeley mu 1984 ndi 1985, ndipo nchito yawo inatsegula njila ya makompyuta a quantum.

Makompyutawa ali ndi vuto lakuti kamsokonezo kang'ono cabe kamafafaniza zimene asunga. Mu 2001 Alexei Kitaev anaonetsa njila ina, ya topology: kusunga uthenga ku mapeto onse awili a kawaya ka superconductor, kuti cosokoneza mbali imodzi cisauwononge. Zili ngati kung'amba ndalama pakati, theka ku Matero, theka ku Chilenje. Wakuba theka limodzi sagula nalo kanthu. Zokhala ku mapetoko anazipatsa dzina la Ettore Majorana, wa ku Italy, amene analemba za tinthu totele mu 1937, n'kusowa caka cotsatila osapezekanso.

Gulu la Leo Kouwenhoven ku Delft linaona zizindikilo zake mu 2012. Mu 2018 linalengeza mu magazini ya Nature kuti umboni wolimba wapezeka. Asayansi awili, Sergey Frolov ndi Vincent Mourik, anapenda manambala onse a muyesowo n'kupeza kuti sagwilizana ndi zimene zinafalitsidwa. Mu March 2021 olembawo anabweza pepala lawo ndi kupepesa. Mourik anali wophunzila wakale wa gulu lomwelo.