Balani ya fodya

Balani ya fodya ndi nyumba ya njerwa, yaitali kupita m'mwamba, momwe alimi amaumitsira fodya wa mtundu wa Virginia, yemwe pamsika amatchedwa flue-cured. Imasiyana ndi chigafa cha fodya wa bale, yemwe amauma ndi mphepo chabe. M'balani, fodya amauma ndi kutentha kochokera m'mapaipi achitsulo, ndipo utsi suyenera kukhudza tsamba. M'Malawi mabalani amaoneka kwambiri m'maesiteti a m'zigwa za Kasungu.

Mbiri

Kaumitsidwe aka kanayambira ku North Carolina ndi Virginia, m'dziko la America, m'zaka za m'ma 1800. Kuno kanafika nthawi ya atsamunda, ndipo kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake ku Limbe mu 1908. Ku Kasungu ulimiwu unakula m'zaka za m'ma 1970, pamene bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa alimi a Chimalawi ntchitoyi. Masiku ano m'bomali muli msika wa fodya wa Chinkhoma.

Mmene imagwirira ntchito

Moto umasonkhedwa m'ng'anjo yomwe khomo lake lili kunja. Mpweya wotentha ndi utsi zimadutsa m'mapaipi oyalidwa pansi m'kati mwa balani, kenako zimatulukira pachumuni. Fodya wosoka pamikangala amapachikidwa pamitanda pamwamba pa mapaipiwo. Mazenera aang'ono a m'munsi amalowetsa mpweya, pamene a kudenga amatulutsa chinyezi.

Ntchito yonse imatenga pafupifupi sabata imodzi. Poyamba kutentha kumakhala madigiri 32 mpaka 38, mazenera ali otseka, kufikira tsamba litasanduka lachikasu. Kenako moto umawonjezedwa pang'onopang'ono mpaka madigiri oposa 50 kuti tsamba liume. Pomaliza kumafika pafupifupi madigiri 70 kuti mtsempha wapakati uume. Moto ukakwezedwa msanga, tsamba limauma likadali lobiriwira kapena limada, ndipo mtengo wake umatsika.

Kasamalidwe

Balani imagwira ntchito miyezi yochepa yothyola fodya, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo. Miyezi yotsalayo imangokhala, ndipo zambiri zimawonongeka nthawi imeneyi. Ntchito ikatha, phulusa limachotsedwa m'ng'anjo ndipo mwaye umapalidwa m'mapaipi, chifukwa zonsezi zikanyowa zimadya chitsulo. Mapaipi amagululidwa ndi kusungidwa pouma, osakhudza dothi. Ena amawapaka oyilo wakutha kuti asachite dzimbiri.

Mvula isanayambe, ming'alu ya m'zipupa ndi ya ng'anjo imamatidwa, malata odontha amakonzedwa, ndipo mitanda yodyedwa ndi chiswe imasinthidwa. Fodya asanalowe, mlimi amalumikiza mapaipi, kumata molumikizira ndi dothi, n'kusonkha moto m'balani yopanda kanthu kuti aone pomwe pakutuluka utsi. Paipi yobooka imadetsa fodya, komanso imatha kulavula lawi.

Ngozi ya moto imakula pa masiku omaliza, pamene fodya wauma ndipo mapaipi afiira. Tsamba limodzi likagwera pa paipi, balani yonse ikhoza kupsa m'kanthawi kochepa. N'chifukwa chake pamwamba pa mapaipi pamayalidwa waya wa sefa wotchinga masamba akugwa, ndipo wosonkha moto sachoka usiku wonse.

Nkhuni

Balani yong'ambika kapena ya mapaipi odzaza mwaye imadya nkhuni zambiri koma osatentha mokwanira. Nkhani imeneyi ndi yaikulu ku Kasungu, komwe kuumitsa fodya ndi chimodzi mwa zomwe zachepetsa mitengo yachilengedwe monga mombo. Alimi amalimbikitsidwa kubzala mitengo yawoyawo, makamaka bulugama. M'zaka za m'ma 2000 m'Malawi munapangidwa balani yotchedwa rocket barn, yomwe ng'anjo ndi chumuni chake zinakonzedwa kuti moto uziyaka bwino ndi nkhuni zochepa poyerekeza ndi mabalani akale.