Kudula Magalasi ndi Madzi

Kudula magalasi ndi madzi ndi njira ya m'mafakitale yomwe madzi opanikizidwa kwambiri, osakanikirana ndi mchenga wolimba, amatuluka pa kabowo kakang'ono n'kumadya galasi motsatira mzere umene wajambulidwa pa kompyuta. Makina ake amadziwika ndi dzina loti waterjet. Alibe mpeni, alibe mano ngati a sowo, ndipo satenthetsa chinthu chimene akudula. Omanga amawafuna pa ntchito zimene chodulira cha pamanja chimalephera: mabowo a zitseko za galasi lokhalokha, timipata tolowetsamo mahinjesi, makona olowa m'kati, magalasi ochindikala a m'mabanki ndiponso zokongoletsa zokhotakhota.

Ku Area 24, ku Kawale, ku Biwi ndi kwa Chinsapo mu mzinda wa Lilongwe, nyumba zambiri zili ndi mafelemu achitsulo opangidwa ndi owotcherera a m'mbali mwa msewu, ndipo galasi lolowa m'menemo limakhala la mamilimita 3 kapena 4. Mmisiri wa magalasi amayala bulangete lakale pa tebulo, n'kugonekapo galasi. Akayeza ndi tepi, amaika thabwa lowongoka, amanyika chodulira mu palafini, kenako amachikoka ulendo umodzi wokha kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Kawilo kake, kamene nthawi zambiri kamakhala ka chitsulo cholimba cha tungsten carbide, kamalira mosalala ngati dzanja lapondereza bwino. Kakamalira modukiza, mmisiri amadziwiratu kuti galasilo lithyoka mokhota. Akatero amagwira mbali zonse ziwiri n'kuthyola, galasi n'kugawika potsata mzere uja.

Chodulirachi chimangokanda pamwamba. Mkandowo umayambitsa mng'alu, ndipo mng'aluwo ndi umene umatsika n'kugawa galasi. Vuto lake n'lakuti mng'alu ukayamba sufuna kuima pakati, umathamangira m'mphepete. N'chifukwa chake mmisiri waluso angathe kudula mzere wowongoka, ngakhale wokhota pang'ono, koma mukam'pempha kuti achotse kachidutswa ka makona anayi pakati pa galasi kuti padutse soketi ya magetsi, amapukusa mutu. Galasi likamachindikala, kufika mamilimita 12 kapena 19, kuthyola kumafuna mphamvu zambiri ndipo m'mphepete mumatsala mogumukagumuka.

Apa ndi pamene madzi amalowerera. Aliyense amene anaonapo msewu wa dothi wa ku Ngwenya mvula itagwa akudziwa kuti madzi othamanga akanyamula mchenga amakumba ngalande pa nthaka youma gwa. Makina a waterjet amachita zomwezo, kungoti ngalande yake imakhala yotakata pafupifupi milimita imodzi ndipo imakumbika m'kanthawi kochepa.

Mtima wa makinawa ndi pampu. Mtundu wofala umagwiritsa ntchito oyilo kukankha pisitoni yaikulu, ndipo pisitoniyo imakankha kamtengo kachitsulo kowonda kamene kamafinya madzi. Popeza pamalo pokankha oyilo n'potakata kuwirikiza ka 20 kuyerekeza ndi nsonga yofinya madzi, mphamvu ya oyilo ya 200 bar imasanduka 4,000 bar m'madzi. Mapampu ena amakono amafika 6,000 bar. Pofuna kuyerekeza, tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wongopitirira pang'ono 2 bar. Madziwo amadutsa m'mapaipi a chitsulo chosachita dzimbiri n'kukafika pa kamwala ka ruby, sapphire kapena dayamondi kokhala ndi kabowo kosakwana theka la milimita. Potuluka pamenepo amakhala akuthamanga kuposa liwiro la phokoso kawiri kapena katatu.

Madzi okhaokha amadula labala, mapepala ndi zakudya, koma galasi salitha. Choncho m'munsi mwa kamwala kaja muli kachipinda momwe liwiro la madzi limakoka mchenga wa garnet, mwala wofiirira wolimba kuposa galasi. Pa sikelo ya Mohs galasi lili pafupifupi pa 5.5 pomwe garnet ali cha m'ma 7.5. Madzi ndi mchengawo zimalowa m'kapaipi kowonda kotalika pafupifupi masentimita 7 kapena 8, n'kutuluka ngati singano imodzi. Chimene chimadula ndi mchengawo, madzi amangoupatsa liwiro. Pansi pa galasi pamakhala thanki yodzaza madzi yoti iphe mphamvu yotsala, apo ayi makinawo akanaboola ndi tebulo lawo lomwe.

Mbiri yake si yakale kwenikweni. Norman Franz, katswiri wa za matabwa ku America, anayesa kudula mitengo ndi madzi opanikizidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 makina a madzi okhaokha anayamba kudula mapepala olimba m'mafakitale. Amene anatsegula njira ya zinthu zolimba ndi Mohamed Hashish, injiniya wochokera ku Egypt yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya Flow mu mzinda wa Kent, m'chigawo cha Washington. Cha m'ma 1980 iye anapeza njira yothira mchenga m'madziwo popanda kuwononga makina. Makina oyamba a mtunduwu kugulitsidwa, mu 1983, anapita kukadula magalasi a magalimoto. Kampani ina yotchuka pa makinawa, OMAX, inayamba mu 1993 ndipo ili mu mzinda womwewo wa Kent.

Nthawi imeneyo akatswiri ojambula nyumba anali atayamba kale kufuna galasi lopanda felemu. Nyumba ya Willis Faber and Dumas ku Ipswich, England, yomwe Norman Foster anajambula ndipo inatha mu 1975, ili ndi khoma la magalasi olendewera olumikizidwa ndi tizitsulo m'makona. Kamangidwe kotere kanafalikira dziko lonse, ndipo lero kamaoneka pa zitseko za mabanki, masitolo akuluakulu ndi mahotela, kuphatikizapo mu Lilongwe momwe nyumba ngati Bingu International Convention Centre ndi Gateway Mall zinazoloweretsa anthu kuona makoma a magalasi. Chitseko cha galasi lokhalokha chimafuna mabowo a chogwirira, kampata ka loko ndi timipata ta mahinjesi, zonse pamalo ake enieni. Mabowo ozungulira angathe kubooledwa ndi chibooleri cha dayamondi, ndipo mafakitale ambiri amatero. Waterjet imapambana pamene mawonekedwe ali achilendo kapena pamene bowo, kampata ndi kona yokhota zikufunika pa galasi limodzi, chifukwa zonse zimadulidwa ulendo umodzi popanda kusintha chida.

Mphindi yoopsa kwambiri ndi yoyamba kuboola. Madzi akamenya galasi ndi mphamvu yonse mchenga usanafike, galasi limang'aluka pompo. Woyendetsa makina amatsitsa mphamvu ya pampu, amaonetsetsa kuti mchenga wayamba kale kuyenda, ndipo bowo likatulukira pansi m'pamene amakweza mphamvu n'kuyamba kutsata mzere. Ngati n'kotheka amayambira kunja kwa galasi kapena m'kachidutswa kamene kadzatayidwe. Ambiri amasankha garnet wosalala kwambiri pa magalasi kuti m'mphepete musagumuke, ndipo amayala pulasitiki kapena thabwa pansi kuti madzi obwerera m'thanki asakande kunsi kwa galasi. Podulidwapo pamatuluka mbuu, osati pong'anima, motero galasi la tebulo kapena la shelefu limapitanso ku makina opukuta m'mphepete. Makina abwino amalondola mzere mosaphonya kupitirira gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10 a milimita.

Galasi la laminated, lomwe ndi magalasi awiri kapena kuposerapo omatidwa ndi pulasitiki ya PVB pakati, limadulika bwino ndi madzi ngati woyendetsa asamala kuti madzi asalowe pakati n'kumatula. Pamanja galasi limeneli limavuta chifukwa mmisiri ayenera kukanda mbali zonse ziwiri, kuthyola, kenako kudula pulasitiki ya pakati. Magalasi oletsa zipolopolo a pa kauntala ya banki ndi a mtundu womwewu, kungoti ndi osanjikiza kambiri.

Pali galasi limodzi limene madzi saligwira, ndipo anthu omanga nyumba amataya ndalama zambiri chifukwa chosadziwa zimenezi. Galasi la toughened, lomwe ena amati tempered, limalowetsedwa mu ng'anjo n'kutenthedwa kupitirira madigiri 600, kenako limaziziritsidwa mwadzidzidzi ndi mpweya. Kunja kumauma msanga kusiyana ndi m'kati, motero khungu la galasi limakhala lofinyika pomwe m'kati muli mokokeka. Zimenezi zimalilimbitsa kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa galasi wamba, ndipo likasweka limagwa tizidutswa ting'onoting'ono tosacheka kwambiri. Koma chilichonse choboola khungu lija, kaya ndi kawilo ka mmisiri, chibooleri kapena madzi a 4,000 bar, chimamasula mphamvu yonseyo ndipo galasi lonse limaphulika. Choncho dongosolo lake silisintha: kuyeza, kudula, kuboola, kupukuta m'mphepete, ng'anjo pomaliza.

Kwa munthu amene akumanga ku Area 24 ndipo akufuna chitseko cha galasi kubafa kapena kutsogolo kwa shopu, tanthauzo lake n'lakuti tepi ya mmisiri ndiyo imalamula makina a mamiliyoni. Muyeso uyenera kutengedwa pulasitala ndi matailosi zitatha, osati khoma lidakali njerwa. Makoma ambiri a m'makwalala athu saima chilili bwinobwino, ndiye mpata umayezedwa pamwamba, pakati ndi pansi. Pamene khoma lapendama, amisiri anzeru amadula katoni kapena pulayiwudi yofanana ndi mpatawo n'kutumiza imeneyo ku fakitale. Mahinjesi ndi loko zigulidwe kaye, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi kampata kake. Palinso malamulo a ng'anjo amene ojambula ayenera kutsatira: bowo lisachepe kuposa kuchindikala kwa galasi, ndipo litalikirane ndi m'mphepete kuwirikiza kawiri kuchindikalako. Chitseko chikabwera chitatalika ndi mamilimita 5, palibe wochipala. Chimene chimagumulidwa ndi khoma, apo ayi kuitanitsa china.

Galasi lenilenilo limachokera kutali. Pafupifupi magalasi onse a mawindo masiku ano amapangidwa m'njira yomwe Alastair Pilkington ndi anzake anatulukira ku St Helens, England, ndipo inalengezedwa mu 1959: galasi losungunuka limayandama pa chitsulo cha tin chosungunuka n'kuuma lili losalala mbali zonse. M'chigawo chino cha Africa fakitale yodziwika ndi ya PFG ku Springs, South Africa, ndipo mu 2023 ku Mkuranga, Tanzania, kunatsegulidwa ina ya Sapphire Float Glass. Malawi amaitanitsa magalasi ake kunja, ngakhale kuti akatswiri a miyala anapeza kale mchenga woyenera kupangira galasi m'madambo a ku Mchinji ndi pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Garnet wa makinawa amachokera kwambiri ku Western Australia. Chodabwitsa n'chakuti mwala womwewu umapezekanso mu mchenga wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi cha ku Salima, koma kuti ulowe m'makina uyenera kutsukidwa, kuumitsidwa ndi kusefedwa kuti timiyala tonse tikhale tofanana.

Makinawa si oika pa shedi ya m'mbali mwa msewu. Pampu wamba imafuna mota ya makilowati 37 ndi magetsi a three-phase osadukaduka, chinthu chimene amisiri a mu Lilongwe akukumbukira kuvuta kwake kuyambira pomwe namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Madzi sapita ambiri, pafupifupi malita 4 pa mphindi, koma ayenera kusefedwa chifukwa dothi ndi mchere zimadya kamwala ndi malabala a pampu. Chimene chimadya ndalama ndi garnet, yemwe amatha pafupifupi theka la kilogalamu pa mphindi, pamodzi ndi kapaipi kosakanizira komwe kamakula bowo pakapita maola ochuluka n'kufuna kusinthidwa. Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunakweza mtengo wa chilichonse chodutsa pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe. Fakitale yokhala ndi makina otere imakhala bwino ikamadulanso matailosi, miyala ya granite ya kukhitchini, zitsulo ndi zikwangwani, chifukwa makina omwewo amadya zonsezi.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku chodulira cha pamanja chidakali patsogolo, ndipo n'zomveka: mzere wowongoka pa galasi la mamilimita 4 chimaumaliza m'masekondi ochepa popanda magetsi. Nkhawa yeniyeni ili pa magalasi wamba amene amaikidwa m'zitseko, m'mabafa ndi m'mawindo otsika kufika pansi, momwe mwana wothamanga angalowemo ndi mutu. Ku South Africa malamulo omangira a SANS 10400-N amalamula kuti malo otere mukhale galasi la toughened kapena la laminated. Wogula angathe kuzindikira galasi lotere poyang'ana pakona, pomwe fakitale imadinda kachizindikiro kosafufutika kokhala ndi dzina lake ndi nambala ya muyezo umene galasilo linakwaniritsa.